Nkhope ya Tadala ndi Saluni Yanga ya Dzina Logula

Inu owerenga, ine si munthu wolankhulalankhula, ndipo nkhaniyi ndaisunga mumtima zaka ziwiri. Ndikuilemba chifukwa sabata yatha, mu minibasi yochokera ku Blantyre, ndinamva bambo wina akuuza mnzake kuti akufuna kugula dzina la kampani yakunja kuti atsegulire bizinesi. Ndinafuna kumugwira paphewa, koma anatsika pa Namadzi ndisanapeze mawu. Tsono ndikuuzani inu. Ine ndinaononga nkhope ya mwana wa mchemwali wanga. Sindinamumenye, sindinamuthire madzi otentha. Ndinangosayina pepala, kenako ndinakhala chete pa nthawi yofunika kulankhula.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'boma zaka zambiri kuno ku Zomba. Nditapuma pantchito ndinalephera kukhala pakhomo. Ndinkadzuka m'mamawa, kusesa pabwalo pomwe mkazi wanga wasesa kale, kupita kumsika osagula kanthu, kubwerera kwathu ku Masongola, kenako kunyamukanso. Ndinkafuna chochita, koma ndinkaopa kuyamba bizinesi pandekha. Anzanga ambiri anatsegula magolosale n'kutseka chaka chisanathe. Ine ndinkadziyesa wosamala kuposa iwo.

Tsiku lina ndinapita ku msonkhano wa amalonda ku Blantyre. Kumeneko ndinakumana ndi mayi Sibanda, amene ankaimira kampani ina ya ku Joni. Anafotokoza chinthu chimene amati fulanchaizi. Umalipira kuti ugwiritse ntchito dzina lawo, iwo amakupatsa katundu, maphunziro ndi malamulo, ndipo iwe umangotsatira. Mawu oti kungotsatirawo anandikomera. Moyo wanga wonse ndinali wotsatira malamulo olembedwa, ndipo sindinagwepo m'vuto.

Kwawoko kampaniyi inali ndi masaluni odetsa khungu la azungu. Munthu amagona pa bedi la magetsi lokhala ndi chivindikiro, nyali n'kumamuwalira mpaka khungu kufiira ngati wakhala padzuwa. Mayi Sibanda anati azungu obwera kudzaona phiri la Zomba amakhumudwa ndi chifunga, choncho bedilo lidzawakopa. Kwa ife akuda, anati, kampani ili ndi mafuta owalitsa khungu. Sukanatha kutenga china n'kusiya china. Zonse zinali mtolo umodzi.

Pepala la mgwirizano ndinaliwerenga katatu, pensulo ili m'manja. Ndinafunsa za mtundu wa penti, za yunifolomu, za kukula kwa chikwangwani, za amene adzakonze bedi likaonongeka. Mayiwo anaseka n'kunena kuti sanaonepo munthu wofunsa ngati ine. Ndinamva kukoma. Koma inu owerenga, funso limodzi sindinafunse: kodi m'mabotolomo muli chiyani? Mabotolowo analembedwa dzina la kampani ndi nambala basi, wani, thuu, filii. Ndinaganiza kuti kampani yaikulu chotere singagulitse chinthu choipa.

Ndinapeza chipinda m'tauni, pafupi ndi msika. Tsiku limene bedi linafika, mkazi wanga analizungulira kawiri n'kugwira pakamwa.

"Abambo, dzuwa Mulungu amapereka ulere, inu mwalitsekera m'bokosi kuti mudzigulitsa?"

Amayi a ku Matawale amene ankabwera kudzasuzumira analipatsa dzina loti bokosi la maliro. Miyezi yonse imene saluni inali yotsegula, anagonamo anthu awiri okha, ndipo mmodzi anadzuka pakati magetsi atazima. Chimene chinkayenda malonda anali mafuta aja.

Mu mgwirizanowo munali lamulo loti mtsikana wolandira makasitomala azipaka mafuta a kampani, ndipo chithunzi chake chiikidwe pachikwangwani. Ndinaganiza za Tadala, mwana wa mchemwali wanga wa ku Mayaka. Anali atamaliza folomu folo ndipo ankangothandiza amayi ake kumunda. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo kwathu mwini mbumba ndine. Nditapita kukamupempha, mchemwali wanga sanavute.

"Achimwene, mwanayu ndi wanu. Ine ndinangobereka."

Tadala anali wakuda bii, wa khungu losalala, wosadziwa ngakhale paudala. Anali pa ubwenzi ndi Lameck, mnyamata wogwira ntchito zankhalango paphiripa, amene nthawi imeneyo anali atatumizidwa ku Chikangawa kwa chaka. Mabanja awiri tinali titagwirizana kale kuti chinkhoswe chidzachitike Lameck akadzabwera, anthu atakolola.

Nditamupatsa botolo loyamba, Tadala analitembenuza, kulinunkhiza, n'kundifunsa ngati n'zokakamiza. Ndinati ndi lamulo la ntchito. Anapaka chifukwa ndinanena ndine.

Miyezi iwiri yoyamba zinayenda. Nkhope yake inawala, tinamujambula, chithunzi chinakwera pachikwangwani. Atsikana a ku koleji, amayi a m'maofesi, ogulitsa kaunjika, onse ankalowa n'kuloza Tadala, kuti akufuna kuoneka ngati ameneyo. Ine ndinkakhala pakona ndi taye yanga, ndikudziona ngati munthu amene waganiza bwino.

M'mwezi wachinayi anayamba ziphuphu m'masaya. Kenako khungu linafiira, n'kumasupuka. Tsiku lina m'mawa, tisanatsegule, anaima patsogolo panga.

"Amalume, kukuwotcha ngati ndapaka tsabola. Ndipite kuchipatala?"

Ndinati adikire ndifunse kaye eni ake. Ndinaimbira mayi Sibanda. Anati ndisade nkhawa, ndi zoipa za m'thupi zikutuluka, apake nambala filii kawiri patsiku. Kenako mawu awo anasintha. Anandikumbutsa kuti mgwirizano umaletsa wantchito kupaka mankhwala ena alionse, ndipo dzina la kampani likangomveka kuchipatala, adzabwera kudzachotsa chikwangwani ndi katundu yense.

Apa ndi pamene ndinalakwa kwenikweni. Zam'mbuyozo mukhoza kunena kuti ndi umbuli. Koma tsiku limenelo ndinali nditaona ndi maso anga. Ndinabwerera kwa Tadala n'kumuuza kuti adikire sabata imodzi.

Sabata imodzi inasanduka masabata asanu ndi limodzi. M'masaya ndi pachipumi munatuluka mawanga akuda ngati mwaye, oposa kuda kwake kwachibadwa. Makasitomala anayamba kumuyang'anitsitsa. Ndinamuchotsa kutsogolo n'kumuika kuchipinda chakumbuyo kuti azichapa matawulo, ndipo ndinalemba mtsikana wina. Chithunzi chake chowala chinakhalabe pachikwangwani. Mafuta ndinapitiriza kugulitsa.

Masiku amenewo sindinkatha kukhala pampando. Ndikatsegula saluni ndinkatuluka, ati ndikukaona katundu kudepoti, koma miyendo inkanditengera kuphiri. Ndinkakwera wapansi, kudutsa ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu osawayankha moni, mpaka kudamu la Mulunguzi. Ndikafika sindinkakhalanso pansi. Ndinkazungulira m'tinjira ta m'mitengo ya paini ndikudziuza kuti lero ndikatseka, lero ndikamutengera mwana kuchipatala. Ndinkatsika nditatsimikiza mtima. Ndikafika m'tauni n'kupeza amayi atatu akudikira pabenchi, ndinkati mawa. Kunyumba chakudya ndinkadya choimirira. Tadala ankakhala nafe, koma ndinaphunzira kulowa ndi kutuluka m'nyumba mwanga momwe osakumana naye maso.

Amene anamutengera kuchipatala ndi mkazi wanga, osandiuza. Anabwera masana kusaluni, Tadala ali pambuyo atadziphimba mpango, n'kuika botolo patebulo panga pamaso pa makasitomala. Anati adokotala anena kuti mafutawo ali ndi mankhwala amphamvu osayenera kupaka popanda chilolezo cha chipatala. Apyapyalitsa khungu, ndipo dzuwa likamawomba likupsereza. Ziphuphu zidzatha, koma mawanga ena mwina sadzachoka. Akanabwera msanga, anatero adokotalawo, zikanapepuka.

"Msanga wake ndi uja munati adikire," anatero mkazi wanga. Sanakweze mawu.

Ndinatseka saluni tsiku lomwelo. Ndinayenda m'Matawale ndi m'maofesi kufunafuna amayi amene ndinkawadziwa, kuwauza kuti asiye kupaka. Ena anali atayamba kale kusupuka. Mayi wina anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku taye, n'kulavula pansi. Mayi Sibanda anatumiza lole kudzatenga bedi ndi chikwangwani, ndipo kuchokera pamenepo foni yawo sinayankhidwenso. Nditapita ndi mgwirizano uja kwa wodziwa malamulo, anandilozera ndime imene ndinaiwerenga katatu konse, yonena kuti chilichonse chochitikira kasitomala kapena wantchito ndi mlandu wa mwini saluni. Ndinali nditaichonga ndi pensulo yanga.

Tsiku la chinkhoswe linayandikira. Lameck anali atangouzidwa pafoni kuti Tadala wadwala khungu. Sanamuone, chifukwa anafika ku Zomba dzulo lake, ndipo Tadala anali atakana kumutumizira chithunzi. Ndinapempha mchemwali wanga kuti tisunthe tsiku. Tadala anakana. Anati ngati akumusiya, amusiye pamaso pa anthu, zithe.

Mwambo unachitikira pabwalo la mchemwali wanga ku Mayaka. Mukudziwa mmene zimakhalira. Amatulutsa atsikana atawafunditsa zitenje kumutu, kuti akuchimuna aloze wawo. Anavundukula woyamba, akuchimuna anakana, anthu anaseka. Wachiwiri anali mayi wachikulire wopanda mano akutsogolo, ndipo bwalo lonse linafa nacho chiseko. Wachitatu anali Tadala. Azakhali ake atatambasula dzanja kuti achotse chitenje, mawu anatuluka mkatimo.

"Ayi, azakhali. Avundukule amalume."

Si mwambo wake umenewo. Mwini mbumba amakhala pampando n'kumayang'anira. Anthu anayang'anana, ena anaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Ndinadzuka. Kuchoka pampando kufika pamene anaima panali mapazi khumi okha, koma ndinamva ngati ndikukwera phiri lija. Ndikugwira nsonga ya chitenje, anayankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Muyambe mwaona inu, ena asanaone."

Ndinavundukula. Sanapake paudala ngakhale pang'ono. Masaya onse awiri anali ndi zigamba zakuda, pachipumi pali mzere, ndipo pakati pa mawangawo khungu linali lotuwa, lopyapyala mpaka timitsempha kuoneka. Kuyambira tsiku limene ndinamuika kuchipinda chakumbuyo, kameneka kanali koyamba kumuyang'ana bwinobwino. Iye sanagwetse maso. Amene anagwetsa maso ndine.

Kenako ndinamva mayi wina wakuchimuna akunong'ona mokweza kuti uyu si mtsikana amene anamuona chaka chatha. Lameck anadzuka, anabwera, anaima pambali panga. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinali nditagwirabe chitenje m'manja, osadziwa pochiika.

"Ndi yemweyu," anatero Lameck. "Bwanji nthungululu sizikumveka?"

Nthungululu zinamveka, koma zoonda. Mwambo unapitirira mpaka kumapeto. Anthu akubalalika, mchemwali wanga anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuyendayenda. Sanatukwane. Anangoti, "Achimwene, ine ndinakupatsani mwana, sindinakupatseni chikwangwani." Anabwerera kwa alendo ake.

Inu owerenga, amene mukufuna kugula dzina la kampani ya eni, sindikunena kuti onse ogulitsa maina ndi akuba. Koma dziwani kuti dzina ndi lawo, pamene nkhope zimene mudzakumane nazo kumsika, kutchalitchi ndi kumaliro ndi za anthu anu. Iwo zikavuta amatumiza lole. Inu mulibe kothawira. Musanasayine, funsani chimene chili m'botolo, ndipo mukafunse kwa munthu wachipatala, osati kwa wogulitsayo. Chinthu chosalembedwa zimene anapangira musachiike pathupi pa munthu. Mukaona lamulo lokuletsani kupita kuchipatala kapena kufunsa kwina, dzukani pampandopo muzipita. Ndipo inu amalume, inu azakhali, mwana wa m'bale wanu sangakukanireni. Akapaka, wapaka chifukwa cha ulemu. Musamuyese wantchito wamba amene angathe kunena kuti ayi. Akakuuzani kuti kukuwotcha, tsiku lake ndi lomwelo.

Ukwati unachitika, ndipo Tadala ndi Lameck akukhala ku Matawale. Ziphuphu zinatha. Mawanga alipo. Akamapita kumsika amavala chipewa chachikulu, ndipo tikakumana amandipatsa moni mwaulemu, n'kupitirira. Chaka chatha anabereka mwana wamkazi. Kwathu mwana woyamba wa mbumba dzina amapereka mwini mbumba, ndipo ine ndinali nditalikonza kale, nditalilemba pakapepala. Ndinadikira kuti anditumizire uthenga. Mwanayo tsopano akukwawa. Dzina anamupatsa ndi munthu wina.