Tepi ya Nyimbo ya Kusimba

Nditamaliza Fomu 4 ndinkafuna kupita ku yunivesite kukaphunzira za chikhalidwe cha anthu: mmene amakwatirana, mmene amalowera ufumu, mmene amagawirana minda. Ndikudikira zotsatira za mayeso, a hedimasitala anandiitanitsa. Mzungu wina wophunzitsa maphunziro omwewo anali atabwera ku Domasi ndipo ankafuna womasulira. "Ukamtumikira bwino, akakunenera kumeneko," anatero.

Ntchito yanga inali kunyamula tepi rekoda, bokosi lolemera la lamba wapaphewa, ndi mabatire ake. Tikafika pakhomo ndinkaodira, kufotokoza chimene tadzera, kukoleka tepi pa mawilo ake awiri, kenako kugwira maikolofoni pafupi ndi wolankhulayo. Bwanayo ankajambula mibadwo ya banjalo papepala. Tikabwerera ndinkamvetsera tepi n'kulemba mawu onse m'Chingerezi.

Mu Ogasiti, tikuchokera kumudzi wina kumtunda kwa Songani, tinamva kuimba cha kumtsinje. Pa kanjira kolowera kumeneko panali patazikidwa ndodo ya kansanza kofiira. Ndinaima. Ndinamuuza bwanayo kuti uko n'kusimba, kumene anyamata akuumbala, ndipo wosaumbala akapezekako samubweza, amamulowetsa momwemo. Ine ndinakulira ku mishoni, sindinaumbale, ndipo abambo anali mkulu wa mpingo.

"Sitifika pafupi," anatero bwanayo. "Nyimbo imodzi basi."

Ndinaganiza za yunivesite, n'kumutsatira. Tinakhala kuseri kwa nsungwi. Ndinakoleka tepi pa mawilo. Itayamba kuzungulira bwino, sipanapite nthawi, kuimba kunaleka. Kumbuyo kwathu kunali kutaima amuna angapo, zikoti zili m'manja.

Wamkulu wawo, nakanga woyang'anira simbalo, anali munthu wamfupi wolankhula motsitsa. Iye sanamuyang'ane n'komwe mzungu uja, anafunsa ine.

"Iwe ndiwe mwana wa yani?"

Ndinatchula dzina la abambo.

"Wa ku mishoni. Unaumbala?"

"Iyayi, bambo."

Wina anaseka. "Nkhuku yadzibweretsa yokha pamoto. Angaliba oumbala anyamata ndi mpeni wawo sanapite patali."

"Mzungu wakoyo azipita," anatero nakanga. "Iwe utsala."

Bwanayo ankandikoka malaya kuti ndimasulire. Ndinamasulira. M'maganizo ndinkaona mpeni, mwezi wathunthu kuthengo, mpingo ukundidula, abambo akuchotsedwa pa ukulu wawo.

"Waona chiyani?" anafunsa nakanga.

"Nsungwi zokha, bambo."

"Nanga bokosilo?"

"Lamva nyimbo."

"Liimbe timve."

Ndinabweza tepi n'kutsegula. Munatuluka mawu a anyamata aja, nyimbo imene mkazi kapena wosaumbala sayenera kuimva. Palibe anasekanso.

"Chimodzi chitsala pano," anatero nakanga. "Mnyamatayu, kapena chaimbachi."

Pa tepi yomweyo panali mawu a bambo wina wokalamba, wodwala kwambiri, amene anatisimbira mmene makolo ake anayendera kuchokera ku Mozambiki. Bwanayo ankati pa zonse zimene tinajambula panalibe yoposa imeneyo, ndipo tonse tinkadziwa kuti mwiniwakeyo sadzathanso kubwereza. Ndinamasulira mawu a nakanga osawonjeza kanthu. Bwanayo anayang'ana bokosi lija nthawi yaitali. Ine ndinkayang'ana manja ake. Kenako anazula mawilo onse awiri, tepi ili pomwepo, n'kupereka, ndipo mmodzi wa amuna aja anapita nawo kumoto.

Atatimasula tinayenda mpaka kumsewu. Ndinamtumikirabe mpaka mvula itayamba, koma za tsiku limenelo sitinakambepo. Ngati anakandinenera, sindikudziwa. Ku yunivesite sindinasankhidwe, ndinakalowa ukalaliki ku Zomba.

Ndagwira ntchito pansi pa mabwana ambiri, ena abwino ndithu. Koma ndinaphunzira kuti zikavuta, mlendo amamuuza kuti azipita, wotsala ndi mwana wa pomwepo. Choncho pamene palibe woti ndimuodire sindilowapo, wondituma akule chotani.