Chithunzi cha pa Khoma la Ba Chanda

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinkachita lendi chipinda chimodzi ku Chawama, pa yadi ya mayi wina wa ku Kasama, ba Chanda. Amayi ankagulitsa vitumbuwa, ndipo ntchito yanga inali kung'amba nyuzipepala zakale zokulungira. Masamba okhala ndi nkhani zojambula, zija anthu ake amalankhulira m'timitambo, ndinkayamba ndawawerenga asanadonthere mafuta.

Ba Chanda akakwiya ankakhoma pompi ya madzi ndi loko. Tsiku lina ataikhoma, ine mng'ono wanga ali kumsana, chigubu cha madzi chitauma gwa, ndinatola khala pambaula n'kuwajambula pakhoma la chimbudzi, m'timabokosi totsatizana: akukhoma pompi, akulowa m'chimbudzi, kiyi ikugwera m'dzenje.

Yadi yonse inafa nazo kuseka. Ba Chanda anazindikira duku lawo ndi mpata wa mano awo. Anauza atate kuti wojambulayo akapanda kulangidwa, mwezi ukatha tinyamule katundu.

Atate sanafunse n'komwe. Anagwira mlongo wanga Mabvuto, munthu woti ngakhale mpira ankaujambula ngati mbatata.

“Ni ine, atate! Ni ine ninajambula!” ndinakuwa, ndikuonetsa zala zakuda.

“Iwe, osanama,” anatero ba Chanda. “Mwana mukazi angaganize vinthu va so? Ufuna chabe kupulumusa mulongo wako.”

Atate anandiuza kuti ndikatsuke mbale. Lamba analira pamsana pa Mabvuto, ba Chanda mtima unatsika, ndipo sitinasamuke. Khomalo anatsukitsa ine, poti kukolopa ndiye ntchito ya atsikana. Posakhalitsa anyamata a mu komboni anayamba kumutcha Mabvuto katswiri, iye n'kumavomera. Ndinapsa mtima kwambiri, ndipo sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

Lero ndimaphunzitsa pa yunivesite, ndipo kafukufuku wanga ndi wa mmene mabuku a nkhani zojambula amaonetsera ana, makamaka atsikana. Anzanga amaganiza kuti ndinayambira m'laibulale. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kusakwapulidwa kwanga sikunali chifundo. Akuluakulu aja sanathe kuganiza kuti mtsikana angakhale ndi mutu wopeka chipongwe chotero, ndiye anandilanda mlandu pamodzi ndi luso lomwe.

Mabvuto amayendetsa minibasi masiku ano. Tikakumana amandikumbutsa kuti anandilandirira malamba. Ine ndimamuyankha kuti ayambe wakauza anzake aja kuti anajambula ndani.