Chisanu Chimene Amalume Anabangula

Zinali zachikasu, zotsekera m'makutu zija amavala anthu oswa konkire, ndipo mbali imodzi inali yomanga ndi tepi yakuda chifukwa inathyoka. Amalume anabwera nazo kuchokera ku ntchito yomanga tsiku limene anauzidwa kuti asabwerenso. Chipewa cholimba anabweza, jekete yowala ija anabweza, koma izi anaziponya m'chikwama, akuti kampani yomwe yathawa nyumba isanafike padenga singakhale ndi nthawi yofunsa za zotsekera m'makutu. Zinkanunkha simenti ndi thukuta. Ndikazivala zinkanditsikira mpaka m'masaya, ndipo dziko lonse linkangoti zii.

Ndinali ndi zaka naini. Tinkakhala ku Rathmines, m'dziko la Ireland, pansi pa nyumba yakale yomwe anaidula zipindazipinda kuti alowemo anthu ambiri, makoma ake otuluka thukuta kukazizira. Ine ndi amayi tinkagona kuchipinda, amalume pasofa. Iwo anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi, munthu wamtali wosakonda kulankhula. Inali nthawi ija chuma cha dziko lino chinagwa chagada. Makireni onyamulira katundu pomanga anaima mlengalenga osatembenuka, ndipo pageti ya sukulu panayamba kudzaza azibambo, manja m'matumba, kudikira ana masana dzuwa likanalipo. Amalume anali mmodzi wa iwo. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, choncho wondiphikira, wondiperekeza ndiponso wondiluka tsitsi anali amalume. Kuluka kwake kunali kochititsa manyazi, koma sindinkafuna wina.

Mu Okutobala foni inalira, uthenga unali woti agogo, mayi wawo wa amayi ndi amalume, amwalira ku Ntcheu. Ine ndinali ndisanawaonepo. Palibe anapita ku maliro. Mapepala a amayi sankawalola kubwerera kwathu, ndipo amalume akanatuluka m'dziko muno sakanalowanso. Lamulungu masana anthu a kutchalitchi anadzaza pabalaza pathu, azimayi pansi, azibambo m'kanjira ka pakhomo. Amayi atangoyamba kulira mokweza monga amalirira kwathu, mzungu wa pamwamba anatsika n'kugogoda. Sanali munthu woipa. Anafunsa mwaulemu ngati aitane ambulansi, kenako n'kunena kuti khanda lake likugona. Amayi anatenga thawulo n'kuliluma. Amalume anakhala ndi azibambo anzawo, kuthira tiyi, kuthokoza aliyense wobwera, maso ouma. M'mawa mwake amayi anavala yunifolomu n'kupita kuntchito.

Za bandi ndinazidziwa patapita milungu iwiri. Tsiku lina titachoka kusukulu sitinakhotere kunyumba. Tinayenda mpaka kutsidya kwa ngalande ina yamadzi, n'kulowa chakumbuyo m'sitolo yogulitsa makapeti yomwe inatsekedwa. Mkati munali azungu atatu atsitsi lalitali, onse ochotsedwa ntchito pamodzi ndi amalume. Wagitala anali wopaka pulasitala, wa gitala ya besi anali wamagetsi, woimba ng'oma sindikumbuka. Akuti anamva mawu a amalume tsiku lina akuitana munthu wa pansanjika yachisanu popanda wailesi, ndipo kuyambira pamenepo sanawasiye. Amalume anandikhazika pa mpukutu wa kapeti wotsala, n'kundiveka zachikasu zija. "Amayi ako asamve," anatero.

Ndamvapo nyimbo zambiri m'moyo wanga, m'maholo akuluakulu ndi m'matchalitchi, koma palibe chinandichititsa mantha okoma ngati masana amenewo. Ng'oma zinayamba mothamanga ngati matalala padenga la malata, osapuma, osapereka mpata. Magitala sindinawamve m'makutu, ndinawamva m'nthiti ndi m'mano. Fumbi la m'kapeti linadzuka n'kumavina m'kuwala kwa pawindo. Kenako amalume, munthu yemwe kunyumba ankapempha mchere monong'ona, anagwira maikolofoni ndi manja awiri, anawerama, n'kubangula. Mawu ake anachokera pansi penipeni, akuya, aakulu kuposa chipinda chonsecho. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, ndipo mpweya wawo unkaoneka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Ndinagwira kapeti ndi zikhadabo. Nyimbo itatha, anapukuta pakamwa n'kundifunsa ngati ndili ndi njala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala munthu wa chinsinsi, ndipo ndinkayenda monyada. Amalume anandiphunzitsa kusiyanitsa mitundu iwiri ya nyimbozi. Death metal, iwo amati, imachokera m'mimba, ndi yolemera, imayenda pansi. Black metal imachokera pakhosi, ndi yozizira, imalira ngati mphepo yolowa pansi pa chitseko. Bandi yawo inali pakati, ndipo azungu aja ankakangana za zimenezi ngati nkhani ya malire a munda. Nyimbo zotere sizinkamveka pawailesi, m'masitolo simunkazipeza. Zinkayenda pa positi. M'sitolo ya makapeti ija munkafika timaphukusi tochokera ku Poland, ku Chile, ku Finland, m'kati mwake muli makaseti. Makaseti, nthawi imene dziko lonse linali litawataya! Zikuto zake zinali zakuda, zojambulidwa pa fotokope, dzina la bandi lolembedwa mopotanapotana ngati mizu ya mtengo, moti ngakhale mwini wake ndikukayika ngati ankaliwerenga. Ndinkasunga masitampa ake. Zinkandizunguza mutu kuti kutali konseko kuli anthu enanso obangula m'zipinda zozizira, osadziwana nkhope, koma otumizirana mawu awo.

Lero ndikudziwa kuti anali amuna anayi osowa ntchito, amene akanapanda kupeza chochita masana akanathera m'bala. Pa nthawiyo ndinkawaona ngati anthu amene apatsidwa mphamvu yogwedeza nyumba.

Anajambula nyimbo zawo Khirisimasi isanafike, ndipo kaseti inatuluka mu Febuluwale. Woitulutsa anali munthu mmodzi wa ku Drumcondra, wokhala ndi makina okopera m'chipinda chake chogona. Anapanga ochepa, iliyonse ndi nambala yake yolemba pamanja. Tsiku limene katoni inafika, azibambo anayi aja anaizungulira, wagitala akusisita ndevu, maso ofiira. Pachikuto panali chithunzi chawo ataima m'nkhalango, nkhope zopaka zoyera, m'maso mozunguliza zakuda. Mayina anali opeka, monga mwa mwambo wa nyimbozi. Koma ine amalume ndinawazindikira ndi mapewa. Anandipatsa imodzi, ndipo ndinkagona nayo pansi pa pilo, mkono umodzi kuchokera pamutu pa amayi.

Chinandigwetsa ndi kunyada. Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense abweretse chinthu chimene munthu wa kwawo anapanga ndi manja ake. Ndikaganiza tsopano ndimaona kuti ankapewa dala mawu oti ntchito, popeza theka la kalasi makolo awo sanali pantchito. Anzanga anabweretsa masikono, zipewa zoluka, kashelefu. Ine ndinabweretsa kaseti. Aphunzitsi anakumba m'kabati n'kupeza wailesi yakale, anaiyatsa, ndipo siinathe ndi mphindi imodzi. Ana ena anakuwa, ena anagwa ndi kuseka, kamtsikana kena kanalira. Aphunzitsi sanakwiye. Kasetiyo anaisunga m'desiki mwawo, ndipo Lachinayi, pa tsiku lokumana ndi makolo, anaipereka m'manja mwa amayi akumwetulira, n'kunena kuti kwa ana ndi yoopsa pang'ono koma banja lathu liyenera kunyadira munthu waluso chonchi.

Titafika kunyumba amayi anaika kaseti patebulo, chithunzi chikuyang'ana kumwamba, amalume ali pa sitovu. "Amayi athu sanathe ndi miyezi isanu m'manda, iwe ukudzipaka ngati mzukwa? Zausatana m'nyumba mwanga, ndiponso mwana wanga ukupita naye komweko?" Amalume anatsitsa moto n'kunena mawu ochepa: "Achemwali, mungoimvera kaye." Amayi anati makutu awo ndi obatizidwa, ndipo pofika Loweruka amalume akhale atapeza kokhala. Ine nthawi imeneyo Chichewa ndinkamva koma ndinkayankha m'Chingerezi. Ndinalira kuti "It was me, Mam, it was my fault," koma palibe anandiyang'ana.

Masiku awiri amenewo ndinadwala mtima. Ndinkadziwa kuti amalume alibe kwina kopita kupatula pansi m'nyumba za anzawo, ndipo ndinkadziwa kuti ndawathamangitsa ndine. Lachisanu anandiluka tsitsi mosamala kuposa kale lonse, mizere inakhotabe. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

Loweruka m'mawa sutikesi ya amalume inali pakhomo. Iwo anatuluka kukafunsa malo kwa wa besi uja. Amayi anali atakonza zopita ndi kaseti kwa abusa masana kuti akaipempherere n'kuitentha, koma amayi anga si munthu wopereka umboni pa zinthu zimene sanazione. "Ndikakafunsidwa kuti mulimo chiyani, ndikayankha kuti chiyani?" anadziyankhulira okha. Kukhitchini tinali ndi wailesi ya makaseti yomwe ankamvetserapo makwaya ochokera kwathu. Anachotsa kwaya, anaikamo amalume, n'kupitiriza kusita yunifolomu.

Nyimbo yoyamba anaimva atakwinya nkhope, akupukusa mutu. Yachiwiri anatsonya. Yachitatu inali yosiyana ndi zinzake, ndipo ine ndinali ndisanaimvepo m'sitolo muja, chifukwa amalume ankaiimba masiku amene sananditenge. Ng'oma zinkagunda pang'onopang'ono, gitala ikukoka mawu amodzi motalika, ndipo kubangula kuja kunkakwera, kutsika, kuduka, kuyambanso. Amayi anaimika simbi. Anaweramira wailesi. Kenako dzanja lawo linapita pa batani, ine n'kumaganiza kuti azimitsa, koma anakweza mpaka pothera. Makapu anayamba kunjenjemera pashelefu.

Anatsika pang'onopang'ono, msana ukukhula kabati, mpaka anakhala pansi miyendo atatambasula. Anaika manja pamutu. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo ndinali ndisanawamvepo, aatali, akuthwa, ndipo ankalowa ndendende m'mipata imene amalume ankasiya, ngati anthu awiri akulandizana. "Mayi anga ine! Anakusambitsani ndani? Ine kuno ndikusambitsa amayi a eni!" Tsitsi linandiimirira. Ndinathamanga n'kuzula pulagi pakhoma, poganiza kuti zausatana zija zawagwira. Amayi anandiyang'ana nkhope yonse ili yonyowa. "Bwezerapo," anatero, ndipo ndinabwezera.

Sindikudziwa kuti amalume analowa nthawi yanji. Nditatembenuka ndinawaona pakhomo la khitchini, jekete ikudontha mvula. Sanalowe. Anavula nsapato, anakhala pansi m'kanjira kaja, mutu pakati pa mawondo, mapewa akugwedezeka. Nyimbo itatha amayi anati ndiibweze poyambira. Ndinaibweza katatu.

Panapita zaka zambiri kuti ndimve zimene amalume ankanena m'nyimbo imeneyo, ndipo anachita kundilembera papepala. Azungu anzawo sanadziwe, anthu a ku Chile ndi ku Poland amene anaigula sanadziwe. Anali mawu a maliro, aja amalira azimayi akamafika pasiwa, amene mwamuna wa kwathu sawatulutsa pagulu. Ankafunsa agogo kuti manda awo anakumba ndani, iwo ali kuno kumanga nyumba zosagonamo munthu. Ankawapepesa kuti sananyamule bokosi. Ankatchula mudzi, mtsinje, mayina a azibale mmodzimmodzi. M'dziko lonse la Ireland, malo okhawo amene anawapeza oti munthu angakuwe ndi mphamvu zake zonse anzake n'kumuombera m'manja anali m'sitolo ya makapeti ija. Ndipo mwa anthu onse amene kaseti inawafika, mmodzi yekha ndi amene anatha kumva. Amayi sanapite kwa abusa masana amenewo. Sutikesi inabwerera kuseri kwa sofa, amalume anakhala nafe zaka zina ziwiri, ngakhale za zopaka kumaso amayi sanagonje mpaka lero.

Koma Loweruka limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinaima pakati pa akuluakulu awiri olira pansi, wina m'khitchini wina m'kanjira, ndipo ndinachita mantha kuti foni yaliranso ine osamva. Ndinagwada pafupi ndi amayi n'kuwagwira mkono.

"Mam, who died?"

Anandikokera pachifuwa pawo, pakununkha nsalu yotentha ndi misozi. "Agogo ako, mwanangu. Agogo ako amwalira."

Mumtima ndinawamvera chisoni kuti mutu wawasokonekera. Agogo anali atamwalira kale mu Okutobala, ndipo ine ndinkaganiza kuti tinathana nazo tsiku lomwe lija anthu anamwa tiyi n'kubalalika.