Mabuku Okulunga M'nsalu a Doña Casilda

Doña Casilda Tzoc anabadwira m'mudzi wa m'mapiri kumtunda kwa Totonicapán, ndipo sanalowepo m'kalasi. Kuyambira ali mtsikana ntchito yawo inali imodzi: kupera chimanga chowiritsa, kuumba matotiya, mikate yopyapyala ya chimanga, ndi kukawagulitsa kumsika. Anakwatiwa ndi Don Fermín, amene chaka ndi chaka ankatsikira kuchigwa kukathyola khofi m'minda ya eni. Mwana wawo wotsiriza anali mtsikana, dzina lake Nohemí.

Nohemí ali m'kalasi yachinayi, sukulu inakhazikitsa mpikisano wowerenga. Mwana ankabwereka buku n'kupita nalo kunyumba, ndipo akafotokozera aphunzitsi nkhani yake, aphunzitsiwo ankamumatira tsamba la pepala pa mtengo wojambulidwa pakhoma. Wa masamba ambiri anali woti adzalandire yunifolomu, nsapato ndi makope a chaka chotsatira. Pa msonkhano wa makolo aphunzitsi anapempha chinthu chimodzi, kuti mabuku asamalidwe.

Don Fermín anagamula mwachidule. "Akapambana, apitiriza sukulu. Akalephera, tinka naye ku khofi. Nsapato ine sindithyola m'mitengo."

Doña Casilda anafunitsitsa kuti mwana wawo apambane. Komabe buku limene iwo ankalidziwa linali la kutchalitchi lokha, limene wansembe amalipsompsona. Choncho buku lililonse lofika pakhomo ankalikulunga m'nsalu yawo yabwino koposa, n'kuliika pa kaguwa ka m'nyumba, pambali pa chithunzi cha woyera mtima. Mkati mwa sabata silinkatsitsidwa, poopa utsi ndi ufa. Linkatsegulidwa Lamulungu, Misa itatha.

"Amayi, ndingomaliza tsamba limodzi," Nohemí ankachonderera.

"Ndi manja amenewo? Iwe, ukufuna aphunzitsi atiyese nkhumba? Kasambe."

"Ndasamba kale!"

"Kasambenso. Ndipo usalipinde chomwecho, si totiya limenelo."

Doña Remigia, mnansi wawo, anaona zimenezi n'kuseka. "Anzanga, mwalifunditsa chonchi, kodi mukuliyamwitsanso? Buku si khanda."

"Sekani, amake Wilmer. Mwana wanu uja anabweza lake lili ndi msuzi wa nyemba. Mudzi wonse ukudziwa."

"Ee, koma analimaliza."

Doña Casilda anaona yankho limenelo kukhala la munthu wopanda manyazi, ndipo anapitiriza monga mwa kale.

Mu Okutobala, sukulu ikutsekera, makolo anasonkhana pabwalo. Mphotho inapita kwa Wilmer. Kenaka aphunzitsi anaitana Doña Casilda kutsogolo, nawapatsa pepala laulemu chifukwa chobweza mabuku osathimbirira ngakhale pang'ono. Anthu anaomba m'manja. Doña Casilda anaima chilili, pepala lili m'manja.

"Aphunzitsi, pepani, nanga mwanayo?"

"Nohemí ndi wanzeru kwambiri, mayi, koma wawerenga mabuku ochepa."

"Munati tisamale."

"Ndinatero, inde. Sindinanene kuti mumubisire."

Aphunzitsi ananena mawu amenewo mokoma mtima, akuyang'ana kale kholo lotsatira. Chaka chonsecho mabuku ankabwerera akununkha lubani, ndipo panalibe mmodzi pasukulupo amene anafunsa chifukwa chake.

Doña Casilda anayesa kudandaulira amuna awo kuti mwanayo apatsidwe chaka china. Don Fermín anati mawu anatuluka kale, ndipo kapitawo wa munda anali atamuwerengera kale malo. Nohemí sanabwererenso kusukulu. Lero ndi mayi wa ana awiri, ndipo amaumba matotiya pambali pa mayi ake pa msika womwewo. Amagwira ntchito mogwirizana, koma sachezerana.

Chaka cha mpikisano chija, m'mawa umene lole yotenga anthu opita ku khofi inafika, Doña Casilda anatulutsa pepala lawo laulemu, napempha mwana wawo kuti awawerengere zimene zinalembedwapo, popeza pabwalo paja sanamve bwino.

Nohemí analiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

"Akuti zikomo," anatero, n'kukwera lole.