Gaga wanga, nsomba za Esinati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza potuluka m'tchalitchi. Mwana wanga Tadala anali asanayambe n'kukwawa komwe, bambo ake ali gone ndi mwendo umene anathyoka pa kabaza ku Songani. A Chikopa, bambo achikulire a mumpingo mwathu amene ali ndi miono mu mtsinje wa Domasi, anandiimitsa panjira.

"Make Tadala, madzi mumawaopa?"

"Ayi, bambo."

"Mubwere mawa. Bondo langali lakana zolowa m'madzi."

Mono ndi dengu lalitali lansungwi, kukamwa kwake kopindikira m'kati kuti nsomba ikalowa isaone potulukira. Potchera, kukamwako kumaloza kumunsi, chifukwa nsomba imakwera madzi potsatira fungo. Umazika mtengo, kumangirira monowo ndi luzi, n'kuutsamiza mwala. M'mawa mwake umavuula, kumasula kumbuyo, n'kukhuthulira mu ndowa.

Tinalipo awiri, ine ndi Esinati, mtsikana wa tsidya lina amene anali atagwirako kale chaka chimodzi. Aliyense anapatsidwa miono isanu ndi umodzi. Yanga inali kumtunda, pafupi ndi powolokera. Ya Esinati inali kumunsi pang'ono, pamene mtsinje umakhota n'kudekha m'mbali mwa minda ya mpunga. Malipiro athu anali gawo la nsomba zimene wagwira.

"Nyambo aliyense aone yekha," anatero a Chikopa. "Ndipo madzi akachepa ndidzasunga munthu mmodzi."

Mawu amenewo ndinagona nawo.

Nyambo yabwino ilipo, koma si ya munthu ngati ine. Matumbo a nkhuku amakoka milamba ndi nkhanu, koma ndani amapha nkhuku tsiku ndi tsiku? Nyongolotsi umakumba mpaka dzuwa kukwera, ukaziika m'mono zimatulukira m'mipata. Ndiye ndinasankha gaga, amene ndinkapempha kuchigayo ndikathandiza kupeta. Ndinkamunyowetsa, kumuumba mibulu ngati chibakera, n'kuponya m'mono.

Ine ndinkavuula timatemba tosadzaza mbale. Esinati ankatuluka ndi theka la ndowa: matemba, makumba, nkhanu zikukwerana. Ankabwera akuimba, kumsana kulibe mwana, chitenje chatsopano, mpaka anagula nsapato zapulasitiki zoyendera m'matope. A Chikopa ankamutchula kuti "mwana wanga". Ine ndinali "make Tadala" basi. Ndinafika poti ndikafika pamtsinje ndinkayamba kusuzumira mu ndowa yake ndisanaone miono yanga. Moni wake ndinkayankhira kumbali.

Kufunsa ndiye ayi. Ndinkati ndifunse kamwana kameneka, ine mayi wapabanja? Ndinangolimbikira ndekha. Ndinathira masese ochokera kwa mayi wina wophika mowa. Ndinasinja mitu ya usipa n'kusakaniza. Mibulu iwiri ndinaisandutsa inayi. Chodabwitsa n'chakuti ndikawonjezera nyambo, ndowa imene inkalemera inali ya Esinati. Mumtima ndinamaliza mlandu ndekha: amafika m'mamawa ine ndikuyamwitsa, ndiye amayamba wawonjola miono yanga.

Madzi atayamba kuchepa, miyala ikuonekera, ndinatenga beseni lonse la gaga limene ndinasungira nkhuku zanga, n'kudzaza miono yonse. M'mawa mwake ndinavuula woyamba, mulibe. Wachiwiri, nkhanu imodzi. Yonse isanu ndi umodzi inandipatsa nkhanu zitatu ndi matemba awiri. Ndikutembenuka, Esinati akupempha amayi amene ankachapa pamwala kuti amusenzetse ndowa.

Sindine munthu wapakamwa, koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Esinati, nsomba zanga zikukoma?"

"Zako ziti, mayi iwe?"

"Zimene umaba m'miono yanga ine ndisanafike!"

Amayi ochapa aja anasiya kumenya zovala. Tadala anayamba kulira kumsana. A Chikopa, amene anakhala pachitsa, sanakalipe. Anapinda buluku, n'kulowa m'madzi ndi bondo lawo lomwelo.

"Umbani nyambo yanu mmene mumaumbira. Ikani umu. Tsopano imani apa, muyang'ane."

Ndinaima madzi akulekeza m'mawondo. Posakhalitsa mbulu uja unayamba kusungunuka. Madzi oyera ngati otsukira mpunga ankatuluka m'mipata ya nsungwi, timagaga tikuyandama, ulendo wa kumunsi. Ndinatitsatira ndi maso mpaka pokhota paja, pamene tinkazungulira n'kukhazikika. Pa miono ya Esinati penipeni.

"Nsomba ikapeza chakudya panja, m'mono mwanu ilowamo kudzatani?" anafunsa a Chikopa. "Mwezi wonsewu mwakhala mukuitanira mnzanu alendo."

Amayi aja anaseka mpaka wina anagwetsera sopo m'madzi.

Kenako anavuula mono umodzi wa Esinati. Kumbuyo kwake, m'kati, kunali kakanthu kolendewera, kokulunga m'kansanza ka neti yakale, kolimba ngati chigumu chogona. Nsomba zinali zitangokanyenya m'mbali.

"Auze," anatero a Chikopa.

Esinati anayankhula osandiyang'ana. Gaga amayamba wamukazinga mu phale mpaka anunkhire. Amaphika phala lolimba la ufa wa chinangwa kuti ligwire, kuthiramo gagayo ndi mitu ya usipa pang'ono. Amakulunga m'tsamba la nthochi, kukwirira m'phulusa lamoto mpaka kuuma. Kambulu kamodzi kochepa ngati dzira kamagwira ntchito masiku awiri. Gaga amene ine ndinkataya tsiku limodzi, iye akanatchera naye sabata yonse.

"Ndiye umaona zonsezi?" ndinamufunsa.

"Ndimaona. Gaga wakoyo amandithandiza bwanji!"

"Osandiuza?"

"Ndikuuze poti chiyani? Moni weniweniyo umandiyankha ngati ndakupondera mwana."

A Chikopa anatuluka m'madzi akutsimphina, n'kukhalanso pachitsa paja. "Make Tadala, kusadziwa ndikanakuphunzitsani lero lomwe. Koma mwamutchula mnzanu wakuba, anthu akumva. Awirinu pamtsinje umodzi sizithekanso. Ndisunga Esinati."

Sindinachonderere. Ndinatola nkhanu zanga zitatu zija, n'kukwera mtunda amayi aja akundiperekeza ndi maso. Kupepesa ndinakapepesa patapita masabata awiri, kwawo kwa Esinati, pamaso pa amayi ake. Anangoti, "Zatha," koma ntchito sinabwerere.

Lero ndili ndi miono yangayanga itatu, kumtunda kwenikweni kumene kulibe wina. Nyambo ndimapanga mmene ananenera Esinati, ndipo masiku ena ndimasinthanitsa ufa wa chinangwa ndi mbatata yophika, imagwiranso. Ndisanapite nayo kumtsinje ndimaponya kambulu kamodzi m'beseni la madzi, n'kumavundula ndi dzanja. Kakasungunuka, kameneko n'ka nkhuku.

Esinati tsopano ali ndi njinga, amakagulitsa nsomba ku Malosa. Akadutsa, mtima umandiwawabe, ndisaname. Koma tsiku limene miono yanga yatuluka yopanda kanthu, sindithamangiranso kuwerenga nsomba za munthu. Ndimalowa m'madzi, n'kuima phee, kuona chimene chikutuluka m'mono mwanga.