Chikhomo Chofiira Pakhonde pa Che Jafali

Ndikukumbukira chaka chimene anthu oyeza msewu anafika kwathu, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay. Ndinali mu Sitandade 4, bambo anga akuphunzitsa pasukulu ya m'mudzimo. Galimoto ya oyezawo inkanunkha dizilo, ndipo ana tonse tinkaithamangira, fumbi likutilowa m'kamwa. Ankasuzumira m'kachipangizo ka miyendo itatu, n'kumakhoma zikhomo zopaka utoto wofiira. Kukubwera tala! Tinayamba kale kukangana za amene adzayambe kukwera basi.

Chikhomo chimodzi chinaima pakhonde pa Che Jafali, msodzi, bambo ake a Asiyatu, mnzanga wa pabenchi imodzi. Asiyatu anandiuza kuti nyumba yawo ikagwetsedwa asamukira kwa amalume ake ku Makanjira, kutsidya kwa nyanja. Basi ija ndinasiya kuikamba.

Loweruka kunali msonkhano pabwalo la sukulu. Amayi anavina atavala nsalu za chipani, anyamata a yufi akuyang'ana makadi a umembala panjira. Bwana wochokera ku boma anatambasula mapu, n'kufunsa ngati panali wotsutsa. Masiku amenewo funso lotere linkayankhidwa ndi m'manja, ndipo tinaomba mpaka zikhato kutentha.

Kenako Che Jafali anaimirira. Anathokoza boma chifukwa cha msewu, anathokoza chipani, anathokoza ngakhale utoto wofiira uja. Nyumba anati apereka ndi mtima umodzi.

"Koma bwana, kuseri kwanga, patsinde pa mlambe, pagona ana anga awiri. Mungondiuza tsiku, ndikawadziwitse, asadzadzidzimuke."

Bwana uja anapinda mapu, nati akaona. Patapita masabata angapo zikhomo zinazulidwa, ndipo msewu unakhota, kulambalala mlambe ndi nyumba yomwe. Tala atathiridwa, ine ndi Asiyatu tinathamangapo opanda nsapato, tikudumphadumpha ndi kutentha, tikuseka mpaka m'mimba kupweteka. Asiyatu ku Makanjira sanapite. Anakulira pomwepo, ndipo pambuyo pake anakhala mkazi wanga. Tinamuika m'manda mvula yapitayi.

Tsopano akufuna kukulitsa msewuwo. Pamisonkhano ya masiku ano anthu sayamba ndi kuthokoza. Amafunsa za mitengo, za fumbi, za madzi othamangira kunyanja, wina akulemba zonse, ndipo ndi bwino kutero. Mwezi watha anatigawira mafomu ife a m'mbali mwa msewu. Pamene pankafunsa za anthu okhala m'nyumba mwanga ndinalemba atatu, monga ndinazolowera. Ndinayang'ana kanthawi, kenako ndinadula mzere n'kulemba awiri: ine ndi mwana wathu.