Nkhoswe Yovala Nthochi

Apongozi anga aakazi anakhala m'nyumba mwathu miyezi inayi osandiyankhula mawu ngakhale amodzi. Sikuti ankakhala duu, ayi. Ankayankhula ndithu, koma mawu onse opita kwa ine ankadzera pa khanda lathu, lomwe anabwera kuchokera ku Dedza kudzatithandiza kulera. Ndikalowa m'khitchini ankalinyamula n'kuliuza kuti, "Uwauze anthu aja kuti mkaka watha m'filiji." Anthu ajawo ndinali ine, nditaima pomwepo kapu ili m'manja. Nane ndinkayang'ana khandalo n'kuyankha kuti, "Uwauze agogo kuti ndigula pobwera kuntchito." Mwanayo ankangotuluka dovu.

Mbali ina unali mwambo chabe. Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, sadyera nawo pamodzi, sakhala nawo mpando umodzi. Kumudzi zimatheka, pakuti pali bwalo, pali kuseri kwa nyumba, pali kanjira kopatukira. Koma nyumba zamdadada za ku Birmingham anazimanga anthu opanda apongozi. Masitepe ake sapitana anthu awiri, choncho ndinkatsokomola katatu ndisanakwere, mpaka mkazi wanga anandigulira mankhwala a chifuwa.

Mbali inayo unali mkwiyo weniweni. Ine ndi mwana wawo tinakwatirana konkuno ku ofesi ya boma, mboni zathu anzathu awiri a ku yunivesite, popanda chinkhoswe, popanda malume aliyense kumva. Kwa iwo ndinali munthu wongopezeka m'nyumba ya mwana wawo. Panali patatsala sabata imodzi kuti abwerere, ndipo mkazi wanga anandiuza mosabisa kuti zimene amayi akanene kwa alongo awo ndiye zomwezo. Akakanena zabwino, chinkhoswe chichitika. Akakapukusa mutu, ndidzakhala anthu aja mpaka m'manda. Ndinkaseka nazo pamaso pake, koma zinkandipweteka kwambiri.

Chaka chimenecho mpikisano wa kiriketi wa mayiko, uja amati wa tsiku limodzi, unafika pabwalo la ku Edgbaston, kufupi ndi chipatala chimene ndimagwirako ntchito yoyeza magazi. Mnzanga wina wa kuntchito, amene amakonda kiriketi kuposa chakudya, anamuika pa shifiti tsiku la masewero, ndipo anandipatsa matikiti ake awiri misozi ikulengeza m'maso. Tinapangana kuti ndipita ndi mkazi wanga. M'mawa wa tsikulo mwana anadzuka thupi litatentha chifukwa cha katemera wa dzulo lake.

"Ine sindipita, baby ali ndi temperature," anatero mkazi wanga. "Tengani amayi. Four months yonseyi angoona ma-supermarket ndi church basi."

"Iwe, ma-seat ake ndi ogundizana!"

"Ndiye bwino, mukawa-impressa. Si mumati cricket mumaidziwa?"

Kiriketi sindinkaidziwa. Ku kantini ya kuntchito anzanga akamakambirana ndinkangogwedeza mutu. Ngakhale mawu akuti tsiku limodzi ndinkawamva mwanga, kuti sabwereza mawa, amangosewera ngati mpira wa miyendo anthu n'kumapita kwawo nkhomaliro isanakwane. Palibe anandiuza kuti azungu akati tsiku amatanthauza tsiku lonse lathunthu.

Ulendo wa pa basi unayenda bwino, chifukwa mabasi a kuno ndi osanja. Apongozi anakhala pansi, ine pamwamba, aliyense ndi ulemu wake. Mavuto anayamba titalowa m'bwalo. Mipando inali ya manambala, yopanikizana, ndipo phewa langa linkatsala pang'ono kukhudza lawo. Ndinakhala ndi thako limodzi, maso kutsogolo. Khanda linali litatsala kunyumba, ndiye kuti tinalibe podutsitsira mawu.

Kumanja kwa apongozi kunakhala mzungu wina wonenepa atavala nthochi. Ndikutanthauza nthochi yathunthu, yachikasu, kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, nkhope yake yofiira ikusuzumira pa kabowo. Anzake anayi, onse andevu, anavala ngati masisitere. Kubwalo kumeneko anthu amavala chonchi popanda wowafunsa. Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali, kuchokera kunsonga mpaka kutsinde, kenako anakonza mpango wawo n'kumuweramira pang'ono.

"Abambo a nthochi," anatero m'Chichewa, "tawafunsani anthu aja kuti masewerowa ayamba nthawi yanji."

Masewero anali atayamba kalekale. Nthochiyo inamwetulira, n'kukweza kapu yake ya mowa. "Lovely, bab!"

Ndinakweza khosi, n'kuyankhula modutsa pamwamba pa mpango wa apongozi. "Abambo a nthochi, muwauze amayi kuti zimene akuonazi ndiye masewerowo."

"Cheers, mate!" inatero nthochi.

Umu ndi mmene munthu wosadziwa liwu limodzi la Chichewa anakhalira nkhoswe yanga kwa maola asanu ndi limodzi. Ntchitoyo anaigwira bwino kuposa khanda, chifukwa iye ankayankha.

Apongozi anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo zaka zambiri ankaphunzitsa atsikana ntchemberembaye, kotero pa zamasewero anali ndi maganizo awo. Sanakonde kuti anthu khumi ndi mmodzi azizinga anthu awiri. Anafunsa kudzera kwa nthochi kuti bambo uja waima pakati, wasanjikiza zipewa pamutu ndi juzi m'chiuno, akugulitsa kaunjika kapena. Ndinayankha molimba mtima kuti ameneyo ndi dokotala wa timu. Patapita nthawi dokotala wangayo anakweza chala n'kutulutsa munthu, ndipo apongozi anauza nthochi kuti anthu aja akuoneka kuti akungopeka. Atayang'ana woponya mpira akuupukuta pa buluku lake, pafupi ndi malo osayenera, anatembenuza nkhope. "Mnyamata uyo akukanda pagulu. Poti anthu aja amagwira kuchipatala, akamuyeze."

Dzuwa litafika pamutu timu yoyamba inamaliza, anthu anaimirira, ine ndinatola jekete kuti tizipita. Nthochi inandigwira dzanja n'kundiuza m'Chingerezi kuti apa m'pakati chabe, timu inayo nayo imenye. Ndinakhalanso pansi mtima uli zii. Apongozi anatulutsa m'chikwama fulasiki ya tiyi ndi mandasi okulunga m'nsalu. Anapatsa nthochi ndasi limodzi. Anaipatsanso lachiwiri n'kunena kuti, "Ili muwapatse anthu aja." Nthochi inathokoza kwambiri, n'kudya onse awiri. Sindinadandaule, pakuti sindikanatha kutafuna pamaso pa apongozi, koma m'mimba munkalira moti masisitere aja ankatembenuka.

Ngozi inachitika chakumadzulo. Womenya wina anakwapula mpira, kunamveka phwa! ndipo unakwera m'mwamba mpaka kuoneka ngati njere ya chimanga. Kenako unayamba kukula. Anthu onse kumbali yathu anaimirira manja m'mwamba, akukuwa. Mnzanga wa kuntchito uja anandiuzapo kuti mpira wa kiriketi ndi wolimba ngati mwala, ndipo pa zonse zimene anandiuza chimenechi chokha n'chimene ndinasunga. Sindinaganize. Ndinatseka maso, ndinagwira mutu, n'kudziponya pomwe panali pofewa pafupi. Pofewapo panali pamwendo pa apongozi.

Ndili chigonere pamenepo ndinamva chiphokoso cha bwalo lonse, ng'oma, malipenga, likhweru. Nditatsegula diso limodzi ndinaona apongozi atagwira mpirawo ndi manja awiri, ataukokera pachifuwa monga ankaphunzitsira atsikana awo. Nthochi inkadumpha, masisitere akukumbatirana. Kenako chikanema chachikulu cha pabwalo chinaonetsa zonse. Chinaonetsa mayi wa mpango akuwakha mpira nkhope ili phee, ndi bambo wa magalasi akubisa mutu m'chitenje chawo. Anabwereza katatu, kachitatuko pang'onopang'ono, kuti aliyense aone bwino mmene pakamwa panga panayasamira.

Foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Uthenga woyamba unali wa mkazi wanga: "Ndakuonani pa TV. Dzukani pamwendo pa amayi." Ena anali ochokera kwa anthu a kutchalitchi, a ku Solihull, a ku Wolverhampton, anthu amene sanaonerepo kiriketi chibadwire koma tsiku limenelo anapezeka akuonera. Mlonda wa pabwalo anabwera kudzapempha mpira. Apongozi anauza nthochi kuti iwauze anyamatawo aleke kugenda anthu, kenako anauponya kuchokera pachifuwa, n'kukagwera m'manja mwa wosewera amene anaima kumalire. Bwalo linakuwanso. Ine ndinali nditabwerera pa thako langa limodzi lija, ndikuyang'ana nsapato.

Posakhalitsa kunachita mdima wa mitambo, mvula n'kuyamba. Osewera anathamangira m'nyumba, anthu ena n'kukoka zinsalu zikuluzikulu kuphimba pakati pa bwalo, ngati akuanula ufa. Anthu ambiri anathawira pansi pa denga. Nthochi inaimirira, itanyowa n'kupindika kunsonga, inagwira dzanja la apongozi n'kuwatsanzika kuti, "Ta-ra, bab." Inapita pamodzi ndi masisitere ake. Sindinaionenso mpaka lero.

Tinatsala awiri m'mzere wonsewo. Apongozi anatambasula ambulera yawo. Ine ndinasunthira mpando wotsatira, mvula ikundilowa m'khosi, ndikuganiza zimene zikanenedwe ku Dedza. Munthu wosachita chinkhoswe, wabodza pa zamasewero, wamantha, ndiponso wogona pamwendo pa apongozi dziko lonse likuona. Ndinadziwa kuti zanga zada. Ndinaganiza za mwana wanga, kuti adzakula akumva abale a amayi ake akutchula bambo ake kuti anthu aja, ndipo mtima unandiwawa kuposa manyazi aja.

Apongozi anatembenukira kumanja monga anachitira tsiku lonse. "Tawauzani anthu..." Analekezera pomwepo. Pampandopo panali kapu yopanda kanthu ndi madzi a mvula. Anayang'ana zinsalu zija. Kenako anakonza kukhosi, ndipo ndinamva dzina la mwana wanga, kutsogolo kwake kuli mawu akuti bambo ake. Ndinacheuka kumbuyo kuona ngati akuitana wina.

"Ndikunena inu," anatero, maso ali kutsogolo. "Pamwendo panga pagona ana anayi, onse obereka ndekha. Lero pagona wachisanu, anthu onse akuona, mpaka kubwereza katatu. Ndiye ku Dedza ndikanene kuti chiyani? Kuti ndinagoneka munthu wachilendo? Muwaimbire amalume anu, muwauze akonzeke. Ndipo sunthirani kuno, mukunyowa."

Ndinasunthira. Ambulerayo inali yaing'ono, moti phewa langa linagunda lawo, ndipo sanalichotse. Magalasi anga anachita nkhungu, ndipo sinali mvula yokha. Iwo anapisa m'chikwama, n'kutulutsa kansalu kaja. Munali mutatsala ndasi limodzi, lozizira, lophwanyika mbali imodzi.

"Idyani, mwanangu," anatero, akuliika m'manja mwanga. "Nthochi ija inakudyerani lanu. Ndinaiona."

Ndinalidya pomwepo, iwo akundiyang'ana.